Phunziro 17: Kukonza Pulayimasi Yakale

Phunziro la lero likunena za pulayimasi. Ambiri a inu mukuidziwa. Ndi chitofu chaching'ono cha mkuwa, cha miyendo itatu ngati mafuwa, chimene chimayaka ndi parafini. M'nyumba zambiri za muno mu mzinda wa Tete, tsidya lija la Matundo, ndiponso kumidzi ya ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, muli mapulayimasi amene anasiya kuyaka kale-kale. Ena anabwera nawo agogo athu pochokera ku migodi ya ku Joni kapena ku minda ya fodya ya ku Rhodesia. Ena anagulidwa m'masitolo a muno nthawi ya Apwitikizi. Lero ali pansi pa kama kapena kuseri kwa nkhokwe, ada bii, ndipo eni ake amati anafa.

Koma pulayimasi siifa msanga. Thupi lake ndi la mkuwa, ndipo mkuwa suchita dzimbiri. Zimene zimatha ndi tizinthu tating'ono: kachikopa, kamphira, ndi kabowo kamene kamatsekeka ndi mwaye. Munthu wodziwa kumata chubu cha njinga angathenso kukonza pulayimasi. Chofunika ndi kudziwa m'mene imagwirira ntchito, ndi kupeza matenda ake musanamasule kanthu.

Tiwerenge zolembedwa pa thanki

Musanagwire sipanala, tengani nsanza mupukute thanki, ndiko kuti mimba ya pulayimasi m'mene mumakhala parafini. Pa mkuwapo pali zilembo zodindidwa. Ziwerengeni chimodzi-chimodzi monga tichitira pa bolodi. Pa mapulayimasi ambiri mupeza P-R-I-M-U-S, ndipo pafupi pake mau akuti SWEDEN. Limeneli ndi dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya. Kumeneko, mu mzinda wa Stockholm, mmisiri wina wa makina dzina lake Frans Wilhelm Lindqvist anapanga chitofu chimenechi m'chaka cha 1892. Zitofu za parafini zinalipo kale, koma zinali za chingwe ngati nyale, zofuka utsi ndi zodetsa mapoto. Iye anapanga chopanda chingwe. Mau akuti Primus ndi a Chilatini, ndipo atanthauza "woyamba." Ife tinawapinda ndi lilime lathu n'kukhala pulayimasi.

Chitofuchi chinayenda kutali. M'chaka cha 1911 Roald Amundsen ndi anzake anaphikira pa icho pa ulendo wao wokafika kumapeto a dziko lapansi kum'mwera, kumene kuli madzi oundana okha-okha, kopanda mtengo ndi umodzi womwe. Ngati chinayaka kumeneko, kwathu kuno sichingakane.

Ena a inu mupeza dzina lina, lakuti HIPOLITO. Imeneyo inapangidwa ku Portugal, m'tauni ya Torres Vedras, pa fakitale yotchedwa Casa Hipólito, imene inkapanganso nyale zopopa. Fakitaleyo inatsekedwa, koma zitofu zake zikadalipo. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka Primus, choncho phunziroli lithandiza mitundu yonse iwiri.

Tsopano tembenuzani thanki muone pansi pake. Kuyambira m'chaka cha 1911, opanga Primus ankadinda chilembo chosonyeza chaka. A ndi 1911, B ndi 1912, C ndi 1913, n'kumapita choncho. Zilembo zitatha anayamba kuika ziwiri-ziwiri. Mukapeza AB kapena AC, dziwani kuti pulayimasi yanu inapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kuyamba. Yapitirira zaka 80. Ndi yaikulu kwa ine, ndiponso kwa ambiri a inu.

M'mene imagwirira ntchito

Tidziwe ziwalo zake poyamba. Pamwamba pa thanki pali pothirira parafini, ndipo pamenepo pali chitsekero cha mazinga. Pafupi ndi chitsekero, kapena pa icho chomwe, pali kakiyi kopotokola ndi zala, kotulutsira mpweya. Tikatchule kuti kiyi wa mpweya. Pambali pa thanki pali pampu, mng'ono wake wa pampu ya njinga. Pakati pa thanki patuluka paipi yokwera m'mwamba, ndipo pamwamba pa paipiyo pali mutu. M'munsi mwa mutu muli kambale kothiramo sipiriti. Pakati pa mutu pali kamlomo ka mkuwa, ndipo pa kamlomoko pali kabowo kakang'ono zedi, kosakwana theka la milimita imodzi.

Pulayimasi siiwotcha parafini wamadzi. Imawotcha nthunzi ya parafini. Mau amenewa muwagwiritse, chifukwa phunziro lonse latsamira pa iwo.

Mukapopa, mpweya umalowa m'thanki n'kupanikiza parafini. Parafini amasowa kothawira, ndipo amakwera paipi kukalowa m'mutu. M'mutu muli timapaipi tokhota-khota. Timapaipito tikakhala totentha, parafini amasanduka nthunzi, monga achitira madzi m'ketulo. Nthunziyo imatuluka pa kabowo mwa liwiro, imasakanikirana ndi mpweya wa kunja, n'kuyaka lawi labuluu. Lawilo limatenthetsanso timapaipi tija, ndipo ntchito imapitirira yokha.

Tsono kuti pulayimasi iyake, mpweya usamathawe m'thanki, mutu utenthe, ndipo njira ya parafini ikhale yoyera. Ikakana kuyaka, chimodzi mwa zimenezi chalakwika.

Mitu ilipo ya mitundu iwiri. Wina umabangula ngati ndege, oyandikana nawo nyumba n'kudziwa kuti kwa uje kukuphikidwa tiyi. Wina uli ndi kachipewa ka mabowo-mabowo ndipo umayaka mwakachete-chete. Wobangulawo umapirira mphepo kuposa unzake.

Kayatsidwe kake

Mapulayimasi ambiri amanamiziridwa kuti anafa pamene wolakwa ndi woyatsa. Choncho tiyambe taiyatsa m'njira yoyenera, panja, kutali ndi udzu ndi ana.

Khuthulani parafini wakale. Tsukuluzani thanki ndi parafini watsopano pang'ono, n'kumukhuthulanso. Thirani parafini woyera, wosefedwa pa kansalu. Musadzaze thanki mpaka pakamwa. Siyani gawo limodzi mwa magawo anayi kuti mpweya upeze malo. Tsekani chitsekero zolimba, koma kiyi wa mpweya akhale wotsegula. Thirani sipiriti m'kambale, muyatse, n'kutchinga mphepo ndi chilata. Ndiye dikirani, manja ali kumbuyo. Sipiriti akatsala pang'ono kuzima, tsekani kiyi wa mpweya, mupope kawiri kapena katatu. Mumva kulira kwa nthunzi, ndipo lawi ligwira. Likapanda kugwira lokha, yandikizani machesi pa mutu. Lawi likakhazikika, onjezani kupopa pang'ono-pang'ono.

Anthu ambiri amalakwa apa. Amapopa mutu usanatenthe. Parafini amatuluka ali wamadzi, n'kubuka chilawi chachikasu chofika kudenga, chautsi wakuda. Zikatero musataye chitofu, musathire madzi, ndipo musathawe. Tsegulani kiyi wa mpweya. Mpweya utuluka kuti fyuu, parafini abwerera m'thanki, ndipo moto utha wokha. Dikirani chizizire, muyambenso. Kiyi yemweyo ndiye wochepetsera moto pophika, ndiyenso wozimitsira mukatha kuphika.

Ngati mwayatsa bwino chotero koma yakanabe, ndiye kuti ikudwaladi. Tifufuze kuyambira pa zosavuta.

Pampu yosagwira mpweya

Kokani mpini wa pampu, muukankhe. Ukangolowa wefu-wefu osalimba, vuto ndi kachikopa. Masulani chivindikiro cha pampu, musolole ndodo yonse. Kunsonga kwake mupeza kachikopa konga kapu. Kuno ku Tete, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, chikopa chosadzozedwa chimauma gwa. Ngati sikanang'ambike, kaviikeni m'mafuta a makina osokera kapena mu oyilo wa injini usiku wonse. M'mawa kafutukuleni m'mbali ndi chala, mosamala, n'kukabwezera. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi omwewo basi. Pulayimasi yogona zaka 20 imadzuka ndi supuni imodzi ya mafuta.

Ngati kang'ambika, pangani katsopano. Lilime la nsapato yakale ndi labwino, bola likhale la chikopa cheni-cheni, osati pulasitiki. Dulani mozungulira, mokulirapo pang'ono kuposa kamwa la pampu. Boolani pakati. Viikani m'madzi mpaka chifewe. Chimangeni pa ndodo, n'kuchikankhira m'pampu. Pochikankha, m'mbali mwake mumapindikira kumbuyo, ndipo chimatenga maonekedwe a kapu. Chisiyeni momwemo tsiku lathunthu kuti chiume. Chikauma chitulutseni, muchepetse m'mbali ndi lumo, muchimasule, n'kuchitembenuza kuti kamwa la kapuyo liloze m'kati, ku thanki. Chidzozeni mafuta. Pochilowetsa, pindirani m'mbali ndi chikhadabo kuti musapindikire kunja. Mukaiwala kutembenuza, mudzapopa mpaka dzuwa kulowa osapeza kanthu.

Mpweya wothawa pa chitsekero

Pampu ikugwira, koma lawi limangofota pakapita kanthawi, ndipo mukungopopa-popa. Mpweya ukuthawa penapake. Chitofu chili chozizira, tsekani kiyi, popani, tsekani kabowo ndi chala, n'kupaka thovu la sopo pa chitsekero ndi pa kiyi wa mpweya. Pamene patuluke timabuluni ndi pamene pali vuto.

Masulani chitsekero muone m'kati mwake. Muli kamphira kozungulira. Kakakhala kakale kamauma ngati mwala n'kung'aluka. Kakolowoleni ndi nsonga ya mpeni, mudule kena. Ambiri amathamangira ku chubu cha njinga. Mphira wa chubu amagwira masiku owerengeka okha, chifukwa parafini amamufufumitsa mpaka kuphwanyika. Chikopa chokhuthala chodzozedwa mafuta chimakhalitsa kuposa iye. Koma wabwino kopambana ndi mphira wosamva mafuta, amene amakaniko amagwiritsa ntchito pa ziwalo za dizilo za galimoto. Kapempheni kachidutswa kochepa ngati ndalama yachitsulo, n'kokwana.

Valavu ya pansi pa pampu

Matenda awa ndi oopsa, ndiye mvetserani bwino. Mwapopa, mwasiya, ndipo mpini wa pampu ukutuluka wokha pang'ono-pang'ono ngati pali wina akuukankha m'kati. Kapena mukuona parafini akudontha pa pampu. Pansi peni-peni pa pampu pali valavu, yonga ya chubu cha njinga. Ntchito yake ndi kulola mpweya kulowa m'thanki, koma kukaniza parafini kutuluka. Ikafooka, parafini amadzaza m'pampu n'kutulukira pambali pa moto. Mukaona zimenezi chitofu chikuyaka, tsegulani kiyi wa mpweya nthawi yomweyo.

M'kati mwa valavu muli kasipuling'i ndi kanjere kofewa kamene kamatseka bowo. Kanjereko ndi kamene kamauma. Katsopano mungaseme kuchokera ku mphira wosamva mafuta uja, kapena ku chitsekero chofewa cha botolo la vinyo. Kusema sikuvuta. Chovuta ndi kutulutsa valavuyo, chifukwa ili kutali m'kati, ndipo imafuna kiyi wake-wake, chitsulo chachitali chokhala ndi mpata kunsonga. Mutu wa valavu ndi wa mkuwa wofewa. Kiyi akaterereka kawiri katatu, mutuwo umatha m'mbali, ndipo ntchito imene ikanatenga ola limodzi imasanduka yosungunula pampu yonse pa thanki.

Maganizo anga ndi akuti, ngati mulibe kiyi wokwana bwino, apa musalimbane napo. Thirani parafini pang'ono m'pampu kuti mazinga afewe, n'kupita nacho kwa mmisiri. Pakati pa osula zidebe ndi okonza njinga a m'misika, monga wa Kwachena muno m'tauni, funsani wachikulire. Achinyamata ambiri sanaionepo pulayimasi ikuyaka. Ndipo pamene iye akumasula, inu muyang'anitsitse, kuti gulu lathu likhale ndi munthu wodziwa.

Kabowo

Lawi likuyaka mbali imodzi, likudukiza-dukiza, kapena lazima mwadzidzidzi koma mpweya ulimo. Kabowo katsekeka. Pulayimasi iliyonse inkagulitsidwa ndi singano yake, kachilata kokhala ndi kawaya kowonda ngati tsitsi kunsonga. Lowetsani kawayako m'kabowo molunjika, kawiri kapena katatu. Chizolowezi chabwino ndi kutero nthawi zonse musanayatse.

Singanoyo ikasowa, anthu amatenga singano yosokera, phini, kapena munga. Munga umathyokera momwemo. Singano yosokera ndi yonenepa ndiponso yolimba kuposa mkuwa, choncho imakuza bowo. Bowo likakula, parafini amatuluka wambiri kuposa mpweya wosakanikirana naye. Lawi limakhala lachikasu, mapoto amada, maso amawawa, ndipo parafini amatha msanga. Bowo lokula silibwerera. Mankhwala ake ndi kamlomo katsopano. Zitofu za mtundu umenewu akuzipangabe ku India, ndipo kamlomo kake kawiri-kawiri kamakwana pa zakalezi. Pokagula nyamulani kakale kuti mukayerekeze mazinga.

Pali njira ya singano imene ine ndimaikonda chifukwa siifuna ndalama. Tengani waya wakale wa mabuleki a njinga, uja wopotedwa ngati chingwe. Mupotoloze, mutengepo kawaya kamodzi kowonda kwambiri. Kayeseni. Kakalowa popanda kukakamiza, n'kabwino. Kakakana, musakakamize. Kapanikizeni m'kachilata kopinda, ndipo mwapeza singano.

Mutu wodzaza mwaye

Mwatokosa kabowo, kayera, koma pakangopita mphindi zochepa katsekekanso. Mwaye uli m'kati mwa timapaipi ta mutu, ndipo ukugwa pang'ono-pang'ono. Zimachitika pa chitofu chimene chagwira ntchito zaka zambiri, maka-maka ndi parafini wakuda.

Masulani mutu ndi masipanala awiri. Imodzi igwire nati ya pansi kuti paipi isapotoke, ina izungulitse mutu. Mukagwiritsa ntchito imodzi yokha mungathyole chowotcherera cha pa thanki. Chotsani kamlomo, mukasunge m'kabokosi ka machesi, chifukwa kakagwa mu mchenga simudzakaonanso. Ikani mutu pa makala a moto m'mbaula. Ufiire pang'ono chabe, ngati khala lofuna kuzima. Ukafiira psuu, zolumikizira za timapaipi zisungunuka. Uphuleni ndi mbaniro, muuponye m'madzi ozizira. Mwaye umasweka n'kutayana ndi mkuwa. Gogodani mutuwo pa thabwa, muupope ndi pampu ya njinga, ndipo muona tizidutswa takuda tikutuluka. Bwerezani mpaka tileke kutuluka. Uumitseni bwino musanaubwezere.

Pakati pa mutu, kambale ndi paipi pali timawashala tosapsa ndi moto. Mphira ndi chikopa sizigwira pamenepa. Takale tambiri tinali ta asibesito. Masiku amenewo anthu ambiri sankadziwa kuti fumbi la asibesito limaononga mapapo ndi kuyambitsa khansa. Lero tikudziwa. Musatipale touma ndipo musatiuzire ndi pakamwa. Tinyowetseni, mutichotse, mutikulunge m'pepala, n'kukatikwirira. Tatsopano funsani kwa amakaniko, amene ali ndi zotsekera zosamva moto za pa paipi ya utsi ya galimoto.

Thanki

Thanki iyesedwe monga muyesera chubu. Khuthulani parafini, tsekani zonse, popani kakhumi, tsekani kabowo ndi chala, n'kumiza thanki m'ndowa ya madzi. Yang'anani thovu. Likatuluka pa cholumikizira, mmisiri angawotcherere ndi mtovu. Mwendo woguluka nawonso amaubwezera chimodzi-modzi. Koma thanki ya parafini isayandikire moto isanatsukidwe ndi madzi otentha a sopo kangapo, n'kuuma chitsekero chili chotsegula. Thanki yopanda kanthu imakhalabe ndi nthunzi m'kati.

Thovu likatuluka pa timing'alu towonda totsika m'mbali mwa thanki, imeneyo ndiyo imfa yeni-yeni ya pulayimasi. Mukamata mng'alu umodzi, wina utseguka pambali pake. Thanki yotero musaipopenso. Chotsani mutu, pampu, valavu ndi chitsekero, musungire pulayimasi ina.

Kodi ming'alu imeneyi imabwera bwanji, popeza mkuwa suchita dzimbiri? Kale asilikali a Angerezi ku India ankasunga zipolopolo zao m'makola a akavalo m'nyengo ya mvula. Pozitenga ankapeza zikhokho zake za mkuwa zitang'aluka. Pambuyo pake akatswiri anapeza kuti choononga ndi mpweya wotuluka m'mikodzo ya ziweto, wotchedwa amoniya, uja umalasa m'mphuno mukalowa m'khola. Ife kuno ku Tete akavalo tilibe, koma mbuzi ndiye ndi zosawerengeka. Musasunge pulayimasi m'khola la mbuzi kapena la nkhuku, ngakhale pafupi ndi thumba la feteleza.

Za kutsuka kunja sindichulutsa. Bwemba wonyika m'madzi, kapena ndimu, pamodzi ndi phulusa losefa, zimayeretsa mkuwa mbee. Tsukuluzani ndi madzi, mupukute. Musakweche ndi mchenga, mungafute zilembo zija. Koma yambani ndi zam'kati. Pulayimasi yonyezimira yodontha parafini ndi yoopsa kuposa yakuda yosadontha.

Petróleo si petulo

Apa kuwerenga kungapulumutse moyo. Ife timakhala pakati pa zilankhulo. M'Chipwitikizi, mafuta a nyale ndi a pulayimasi amatchedwa petróleo, ndipo mafuta a galimoto amatchedwa gasolina. Koma m'Chichewa chimene timalankhula pamodzi ndi abale athu a ku Malawi, mafuta a nyale ndi parafini, ndipo petulo ndi mafuta a galimoto. Tchulani mokweza: petróleo, petulo. Mwamva m'mene afananira? Mayi wa ku Zóbuè kapena ku Calómuè angatume mwana kuti kagule petróleo, wogulitsa wa m'mbali mwa mseu n'kumva petulo. Onse awiri sananame, koma botolo labwera ndi moto.

Parafini ndi wodekha. Sayamba kutulutsa nthunzi yoyaka mpaka atatentha kufika cha m'madigiri 38 kapena kuposa. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kuzizire motani, ndipo nthunziyo imakwawa pansi kufunafuna moto. M'pulayimasi, mukatsegula kiyi wa mpweya kuti muchepetse moto, mpweya wa m'thanki umatulukira pafupi ndi lawi. Ngati muli parafini, palibe chochitika. Ngati muli petulo, chitofu chonse chimasanduka moto m'manja mwanu. Anthu a chigawo chino sanaiwale za ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, m'mwezi wa Novembala 2016, pamene galimoto yonyamula petulo inaphulika n'kupha anthu makumi-makumi. Mafuta ake ndi omwewo. Ngakhale osakaniza pang'ono chabe ndi parafini, musawathire m'thanki.

Mukakayika, yesani motere, kutali ndi moto. Donthezani dontho limodzi pa pepala. Petulo amauma msanga, pepala n'kutsala louma. Parafini amakhalitsa, ndipo amasiya banga la mafuta. Mtundu wa mafuta m'botolo musaukhulupirire.

Botolo la parafini lilembedwe. Tsopano mukudziwa kulemba, lembani ndi zilembo zazikulu mbali imodzi PARAFINI, mbali ina PETRÓLEO. Lisakhale botolo la zakumwa, ndipo likhale pamwamba. Masiku otentha mwana waludzu amamwa chilichonse chooneka ngati madzi. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Posanza, parafini amalowa m'mapapo, ndipo kumeneko ndi kumene amapha. Muvuleni zovala zimene zanyowa ndi parafini, muthamange naye kuchipatala, ngakhale akuoneka wabwino-bwino.

Pulayimasi ikamayaka m'nyumba, chitseko kapena zenera likhale lotsegula. Moto uliwonse, ngakhale wopanda utsi, umatulutsa mpweya woipa wosanunkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula. Mukatha kuphika, siyani kiyi wa mpweya ali wotsegula, ndipo chitofu chikhale pamthunzi. Mukamutseka, dzuwa la kuno lidzapopa lokha, ndipo mudzapeza parafini ali ponse-ponse.

Tiphikepo chiyani?

Ndinene poyera kuti pulayimasi singalowe m'malo mwa nkhuni ndi makala pa zonse. Parafini ndi wodula, ndipo sapezeka paliponse. Pulayimasi yaikulu imamwa pafupi-fupi lita imodzi pa maola 4. Nyemba ndi chimanga chokonola zingakutherani ndalama. Nsima ya banja lalikulu nayo siiyenera, chifukwa mphamvu ya mthiko imagwedeza miyendo mpaka kuguluka, ndipo chimphika chachikulu chimabweza moto pa thanki n'kuitenthetsa.

Ntchito yake ndi ya changu. Lita imodzi ya madzi imawira m'mphindi zisanu kapena kuchepera. Ganizani za Januwale ndi Febuluwale, mvula ya masiku atatu, nkhuni zonse zanyowa, Zambezi ndi Revúbuè zadzaza matope, ndipo kolera ali m'mudzi monga zinachitikira muno mu Tete kumayambiriro a chaka cha 2015. Mwana akutsegula m'mimba pakati pa usiku. Afunika madzi owiritsa osungunulira mankhwala a thanzi, ndipo afunika tsopano lino. Madziwo awire bwata-bwata kwa mphindi yathunthu, n'kuzizira ali ovindikira. Magetsi a ku Cahora Bassa sanafike m'nyumba iliyonse, ndipo kumene anafika amazima nthawi zina. Usiku wotero umafuna pulayimasi yokonzedwa kale masana, botolo la parafini lolembedwa, kabotolo ka sipiriti, ndi machesi ouma, zonse pamalo amodzi odziwika ndi bambo ndi mayi omwe.

Ntchito ya gulu

Lembani mau awa m'makope anu, ndipo muwagawe m'maphatikizo: pulayimasi, parafini, kachikopa, kabowo, mpweya.

Pansi pa pulayimasi ina padindidwa chilembo E. Inapangidwa chaka chanji? Chaka chino yakwanitsa zaka zingati?

Ngati lita imodzi iyaka maola 4, ndipo banja liyatsa theka la ola m'mawa ndi theka la ola madzulo, lita imodzi itha masiku angati? Funsani mtengo wa parafini ndi wa makala kwanuko, muyerekeze.

Kambiranani: kwanu anthu amati chiyani akafuna mafuta a nyale? Nanga wogulitsa amamva chiyani?

Pa phunziro lotsatira, amene ali ndi pulayimasi abwere nayo, yopanda parafini m'thanki. Wina abwere ndi nsapato yakale yachikopa, wina ndi waya wa mabuleki, wina ndi ndowa ndi sopo. Tidzakhala panja, pansi pa mlambe, ndipo tidzayamba ndi mapampu.